Kachingwe Kopita kwa Aziza

Nasra analowa m'kachipinda kozizira ka kuseri kwa golosale atakwiya. Mwamuna wake, Che Rashidi, analonjeza mpunga wa ku Lupembe usanache kuti za chigayo cha Nasra adzazipatula ku malonda a Aziza, mkazi wamng'ono. Mpunga unacha, unapunthidwa, unagulidwa. Lonjezo lokha ndilo linatsalira m'munda. Koma mlandu suwola.

M'kachipindamo munali makompyuta awiri akuluakulu amene mwana wake Mwanaisha, wophunzira ku Mzuzu, ankawatcha maseva. Che Rashidi anawapatsa mayina a akazi ake monga amachitira ndi malole: ina Nasra, ina Aziza. Kuseri kwawo kunali kachingwe kachikasu kolumikiza awiriwo basi.

Mwanaisha anati ntchito yatheka. Zonse za kuchigayo anaziika m'detabesi yakeyake, nkhokwe yoima payokha mu seva ya Nasra. Mayiyo sukulu anailekera panjira, koma diso lozolowera kutola timiyala mumpunga silidumpha kanthu. Analoza kamzere ka manambala kamene kanali pagalasi la kompyuta, m'munsi mwa dzina la chigayo. Mwanaisha, wosadziwa kunama, anati imeneyo ndi keyala ya kachingwe kopita kwa Aziza.

"Ndiye kakufunanji m'nkhokwe mwanga?"

"Nkhokwe ndi yanu nokha, amayi, koma seva imene ikukhalamo ili pamitala. Imangoona njirayo n'kuilemba. Sipadutsa ngakhale njere ya mpunga wanu."

Atatero anaseka, ndipo kusekako ndiko kunamubaya Nasra. Ndi mmene mwanayo ankasekera pochokera kwa Aziza, milomo ili nyezinyezi ndi mafuta a chapati, akutama pilawu ya amayi aang'ono. Mwana wobereka yekha, wophunzitsa yekha ndi fumbi la madeya m'chifuwa.

Anamulamula azule kachingweko. Mwanaisha anakana. Anati maseva awiriwo amafunsana pamenepo nthawi zonse ngati mnzake ali moyo, ndipo akasiya kumvana, ina imadzithimitsa kuti asalimbirane katundu. Nasra ananenerera ngati ali pamsika wa ku Songwe. Analonjeza ndolo zake zagolide, analonjeza kuleka kumukakamiza zokwatiwa. Mwanayo ankangopukusa mutu.

Foni ya Mwanaisha inalira, ndipo mawu a Aziza anamveka akufunsa ngati amusungire chakudya. Mwanayo atatembenukira kukhomo, Nasra anagwada n'kuzula.

Poyamba panangoti zii. Kenako seva ina inaleka kung'ung'udza, timagetsi take n'kuthima. Inali seva ya Nasra. Kuchigayo, pafupi pomwepo, Yotamu wapasikelo anakuwa kuti kompyuta yaima pomwe alimi ali pamzere ndi matumba awo. Seva ya Aziza inangopitiriza kuphethira timaso take tobiriwira.

"Bwanji ine? Wamkulu ndine."

"Kunyumba, inde," anatero Mwanaisha motsitsa mawu. "Kuno abambo anayamba kugula seva ya Aziza. Akasiya kumvana, yotsala ndi imene inalembedwa poyamba."

Nasra anayang'ana kachingweko m'dzanja lake, kopepuka ngati mchira wa khoswe. Panja alimi anali atayamba kunong'onezana m'Chinkhonde za chigayo china cha kutsidya kwa msewu. Mwanaisha anatambasula dzanja, koma mayi ake sanamupatse. Anagwadanso yekha, bondo likulira, n'kukankha kachingweko mpaka kanalowa pamalo pake.

"Ukawauze abambo ako kuti lonjezo lawo likadalipo. Ndipo mawa undipezere njira yochotsera kamzere kaja."

"Sindichotsa, amayi, kaya mawa kaya mkuja."

Posakhalitsa seva ya Nasra inatsokomola n'kudzuka. Kamzere kaja kanabwerera pagalasi, pomwe paja.

Nasra anasasa chitenje chake, napita kukhomo.

"Lero ukadya kwanga," anatero osatembenuka, ndipo sanadikire yankho.

Kumbuyo kwake timagetsi tiwiri tinkaphethirana, kena kakafunsa, kena n'kuyankha.