Waya wa Alamu

Nyumba ya maofesi anayi pa boma la Chama ndiyo yokha imene malemu a Fabian anasiyira akazi awo, amayi Perpetua. Maofesi atatu ankachita lendi a bungwe lina la alimi. Yachinayi inali ya malemuwo, ndipo mayiwa ankasungamo tebulo lawo, jekete ndi zithunzi za ukwati.

Chaka chatha bungwelo linagula njinga zamoto zoyendera batire, zopitira ku Tembwe ndi ku Chifunda. Linanena mosapsatira kuti pakapanda malo otchajira njingazo, lisamuka.

Amayi Perpetua anafuna kuitana Taizya, mtsikana woyandikana nawo yemwe ali ndi chiphaso cha ntchito zamagetsi. Koma alamu awo, a Jackson, anamva. Bambo ameneyu sananyamulepo njerwa ngakhale imodzi pomanga nyumbayo, koma chichitikireni maliro amayendapo ngati mwini.

"Nyumba ya akulu anga igwiridwe na kamwana kakazi? Malaiti niyadziwa ine," anatero.

Kwathu kuno wamasiye akatsutsa mlamu pa katundu wa malemu, amatchedwa wamwano. Choncho mayiwa anangowalola.

A Jackson anakoka waya kuchokera pa soketi ya mu ofesi ya malemu, kudzera pawindo, molumikizamo n'kumanga ndi mphira. Njinga zitatu pa waya umodzi, padzuwa la Okutobala! Tsiku lachitatu masana waya anasungunuka, katani n'kuyaka. Anthu anathamanga ndi mchenga, nyumba inapulumuka, koma mu ofesimo munatsala phulusa lokha. A Jackson anati ndi anthu anjiru alodza, n'kukwera njinga yawo kumapita. A bungwe anayamba kulongedza.

Taizya anabwera osaitanidwa. Anatola kachidutswa ka waya wopsererayo.

"Amayi, uyu ni waya wa wailesi. Palibe ufiti apa."

Anafotokoza kuti chotchajira njinga chimakoka moto wambiri kwa maola angapo, choncho chimafuna waya wakewake wonenepa, chozimitsa magetsi chokha zinthu zikalakwika, waya wopita pansi, ndi mthunzi. Anawauzanso kuti dzuwa la kuchigwa kuno n'lokwanira kuika sola padenga, kuti njinga zizitchajidwa ngakhale magetsi atazima.

Amayi Perpetua anagulitsa mbuzi zawo kuti Taizya agwire ntchitoyo, napempha a bungwe kuti adikire milungu itatu. A Jackson atabweranso ndi pulayala m'thumba, anapeza mayiwa ataima pakhomo.

"Alamu, ulemu wanga unatentha zithunzi za amuna anga. Manje bwererani."

Lero njinga zimatchajidwa pansi pa kashedi, popanda utsi wa petulo, ndipo bungwe silinasamuke. Koma ana awo akafunsa nkhope ya atate awo, mayiwa alibe choti awaonetse. Zimawawawa mpaka pano.

Phunziro ndi ili: malo otchajira njinga kapena galimoto pa ofesi aziikidwa ndi munthu wachiphaso, kaya ndi mwamuna kaya mkazi. Ubale sudziwa magetsi.