Thumba la mchenga lomwe linkapuma

Ndinalota ndili pa mpikisano womwe ndakhala ndikukonzekera, uja timathamanga n'kumanyamulanso zolemera. Koma tinkachitira mu msewu wopita kumanda kwathu. Ndinkathamanga wopanda nsapato, fumbi likundiwotcha kumapazi. Kenaka anandisenzetsa thumba la mchenga paphewa. Linali lofunda, ndipo linkapuma.

Amuna a m'mudzi anandanda uku ndi uku, monga timachitira polandirana bokosi la maliro. Aliyense ankandipatsa phewa, ine n'kumakana, poti malamulo a mpikisano salola kuthandizidwa. Thumba lija linatsokomola, n'kulankhula ndi mawu a bambo anga: "Iwe, undigwetsatu. Apatseko anzakowa."

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kuchipinda kwawo bambo ankatsokomoladi. Chidwalireni ndimawasamalira ndekha, kuwabereka popita kubafa, ndipo achimwene akati abwere kudzathandiza, ndimawayankha kuti ndikwanitsa.

Kaya malotowa akulosera maliro, kaya n'kutopa chabe, sindikudziwa. Koma kutacha sindinapite kokathamanga. Ndinaimba foni.

"Achimwene, bwerani mudzandilandire. Bwerani bambo akadali kupuma."