Mayi Zikhale Atasiya Kuseka

Chinkhoswe cha mwana wawo Triza chikuyandikira, Mayi Eveless Zikhale a ku Area 10 ananenetsa kuti sadzapitako.

Wowadziwa kale sakanakhulupirira. Mayiwa ndiwo ankalamula kophikira pa ukwati uliwonse wa kutchalitchi kwawo. Ankalawa ndiwo za m'mapoto onse, chitenje chili m'chiuno, phwete lawo likumveka mpaka kumsewu. Loweruka akangolowa mu Msika wa Lilongwe, ogulitsa tomato ankakuwa kuti, "Afika amayi athu!" Anali masiku okoma amenewo, ndipo tonse timawasowa. Koma thupi linakula kwambiri, shuga n'kuwasautsa, mpaka anakachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu kunja kwa dziko lino. Banja linagwirizana zoti lisauze munthu.

Thupi linatsikadi, shuga nayenso. Koma kuseka kuja kunapitira limodzi. Pa maukwati ankangodya pang'ono, anzawo n'kumati, "Idyani mayi, kapena mukutinyoza?" Ena ankanong'onezana za kuondako, paja mukudziwa pakamwa pa anthu a mu Lilongwe muno. Mayi anayamba kubindikira kuchipinda, makatani otseka, n'kumangolira.

Bambo Zikhale anakagogoda kwa Mayi Japhet, namwino wopuma pa ntchito amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo.

"Sisitala, ndathedwa nzeru. Zimene mayi akunyumba ankafuna zinatheka. Ndimawauza kuti azithokoza Mulungu, koma amangoti moyo sukuwakomera."

"Achimwene, kumeneko si kusayamika ayi," anayankha Mayi Japhet. "Anthu ena akachitidwa opaleshoni imeneyi amadzadwala matenda a maganizo, ngakhale patapita chaka. Chakudya ndicho chinkawakumanitsa ndi anzawo, pano sangadye ngati kale. Nthawi zina thupi limaperewera mavitamini. Ndiye mwawasenzetsanso chinsinsi okha. Mutu umodzi susenza denga. Mawa tipite nawo kuchipatala."

Dokotala anawayeza magazi, anawapatsa mankhwala, n'kuwatumiza kwa mlangizi woti azikambirana naye za kumtima. Sizinathe tsiku limodzi. Koma pang'onopang'ono Mayi anayamba kugona bwino, ndipo tsiku lina anaitana anzawo ophika nawo aja n'kuwafotokozera zonse.

"Iii, a Eveless, bwanji osanena?" anatero Mayi Naphiri, mmodzi wa anzawowo, akupukuta misozi. "Ife timayesa mwayamba kunyada. Kuyambira lero palibe wokukakamizani mbale."

Ku chinkhoswe Mayi Zikhale anapitako ndithu. Triza anali atakhala kutsogolo, nkhope ili chozyolika monga mwa mwambo. Atamva nthungululu anakweza maso, n'kuona mayi ake akulowa movina. Anaiwala za mwambo zonse, anathamanga kukawakumbatira, azakhali ake akumukodola kuti akhale pansi.

Mbale wanu akachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, musamangoyang'ana pa sikelo. Akasiya kuseka, kugona kapena kucheza ndi anzake, pitani naye kuchipatala msanga. Matenda a maganizo amachizika.