Chitsulo cha Mzere Wofiira

Kamtsinje ka Kalimbe kalibe chiphaso, koma kamadutsa malire tsiku ndi tsiku. Kamachokera ku Zambia n'kudzatsikira m'madimba a kufupi ndi Chisemphere. Chaka chachiwiri cha makuponi aliyense anafesa fodya, wodziwa ndi wosadziwa yemwe, ndiye madzi anachepa. Akumtunda anatseka mtsinje ndi matumba a mchenga, akumunsi anayamba kunola zikwanje.

Mpamene anabwera akuluakulu a zamadzi a maiko awiriwa. Anadya nkhuku za anthu, kenako anazika chitsulo pakati pa mtsinje, chopakidwa mzere wofiira. Madzi akatsika kusiya mzerewo poyera, a ku Zambia azichotsa matumba. Koma chitsulo chikazulidwa, pangano lafa.

Lachitatu m'mawa Keziya anachipeza chitsulocho chitagwira denga la chigafa cha amuna ake, a Misheck.

"Bambo a Thoko, ichi n'chiyani?"

"Mzati," anatero a Misheck. "Chiswe sichidya. Chinangoima m'madzi ngati chilibe mwini."

"Chili ndi eni ake awiri, ndipo onse ndi maboma! Mawa akubwera kudzachiona!"

A Misheck anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe.

Keziya anaganiza za nazale yake. Mabedi atatu a mbande anali atayamba kale kufota, pachitsime cha m'dimba kheni inkangokwapula matope. Matumba akapanda kuchotsedwa sabata imeneyo, feteleza wa makuponi akanathira pa chiyani? Anachirikiza denga ndi mtengo, nakulunga chitsulo m'chitenje, ulendo wa kumtsinje. Aliyense wokumana naye ankamuona ngati wapolisi.

Dzenje analipeza. Vuto linali kuya kwake. Akachizika pamwamba pang'ono, madzi aoneka otsika, matumba achotsedwa. Ndani angadziwe? Anachizika pamwamba.

"Monile, alamu! Mwayamba liti kudzala zitsulo?"

Anali a Perpetua a tsidya lija, amene mchimwene wawo anakwatira mng'ono wa Keziya. Ndiwo ankalemba za madzi m'buku m'mawa uliwonse. Mnzawo wa tsidya lino, a Lucious, anali pamzere wa feteleza sabata yonse.

"Ndimangochitsuka," anatero Keziya.

"Yayi! Ndi udzu wa denga uli kumutuko?" A Perpetua anakwinya chitenje nalowa m'madzi. "Masiku asanu ndi limodzi ndikulemba kuti mwendo ukundipweteka, sindinafike kuno. Mwendo wabwinobwino uwu! Ndikanalemba bwanji kuti chitsulo chasowa? Mukuyesa ine ndikufuna pangano life? Chigayo chili kwanu. Zikwanje zikatulukanso, ndikagayitsa kuti?"

"Ndiye tingochikwezako pang'ono, alamu. Mbande zanga zikufa."

"Zanganso zimamwa madzi, sizimwa tiyi. Amuna akwathu akazindikira kuti mwabera, adzawonjezera matumba. Taonani apa."

Analoza pamene matope akale anasiya chizindikiro chakuda kuzungulira chitsulo. Pamenepo mpamene chinkalekezera m'nthaka. Anachikhomera ndi mwala mosinthana, Keziya akumva ngati akudzikhomera yekha. Kugunda kulikonse mzere wofiira unkayandikira madzi. Unatsala chikhatho. Unatsala zala zinayi.

"Basi!" anakuwa Keziya.

"Chizindikiro sichinafike. Menyani!"

Anamenya atatsinzina. Atatsegula maso, chizindikiro chinali chitakhudza mchenga, mzere uli poyera, zala ziwiri pamwamba pa madzi.

A Perpetua anaomba m'manja. "Mayo! Ndiye kuti madzi anatsika kalekale. Chikanakhala pano, bwenzi titachotsa matumba Lamulungu."

Keziya anakhala pansi m'madzi momwemo, osadziwa kuti aseke kapena alire.

Madzi anafika kudimba Lachisanu masana, ofiira, akukankha zinyalala. Bedi limodzi linali litapserera, lachiwiri theka. Keziya anagwada pa lachitatu, akutembenuza timasamba kamodzikamodzi kufuna kuona ngati mitima idakali yobiriwira. Makheni onse awiri anasenza a Misheck, ndipo sanafunse kuti alekeze nthawi yanji.