Mbuzi Yakwera Bokosi

Dinah ankagwira ntchito m'shopu ya fotokope ku Katoto. Makasitomala akachepa, ankathandiza pa webusaiti ina yosunga mbiri ya mafilimu opangidwa kumpoto kuno. Ntchito yake inali kuvomereza kapena kufufuta matagi, timawu tija anthu amamata pa filimu kuti ofufuza adziwe zomwe zilimo. Lamulo linali lakuti tagi itchule chinthu chimene chilimodi, komanso chofunika.

Tsiku lina masana kunatulukira a Misheck, akulu ake a mwamuna wa Dinah, nkhope ili gwa. Iwowa anali atangotulutsa filimu yawo yoyamba, ya mayi wamasiye wolandidwa katundu ndi abale a malemu.

"Monire, alamu," anawalonjera Dinah.

"Monire wanuyo sungani. Ndani walemba 'mbuzi' pa filimu yanga?"

"Oonera. Alembanso 'nthabwala'."

"Anthu akulira maliro, inu mukuti nthabwala? Fufutani! Muike 'chisoni' ndi 'chilungamo'."

Dinah anatsegula filimuyo pa laputopu n'kuithamangitsa mpaka pa mwambo wa maliro, umene anajambulira ku Mchengautuwa. Elsie, yemwe ankasewera ngati wamasiye, anali kudzigubuduza pansi. Kumbuyo kwake kunabwera mbuzi yamawanga, n'kuponda bokosi ndi miyendo yakutsogolo, n'kuyamba kudya nkhata ya maluwa mosafulumira. Wosewera ngati abusa ankaikankha ndi phazi, pemphero osaleka.

"Bwanji simunadule pamenepa?" anafunsa Dinah.

"Batire ya kamera inali kutha. Komanso Elsie analira zenizeni ulendo umenewu wokha."

"Nanga akusewera bwino ndani apa, Elsie kapena mbuzi?"

"Alamu, mwanowo!"

Nthawi yomweyo analowa Amida, mayi wogulitsa zitenje pashopu yoyandikana nayo. Dinah anam'patsa mpando. "Tatiweruzeni, asisi. Oonerani, kenako mutiuze ngati ndi filimu yoseketsa."

Pa mbuzi paja Amida anaseka mpaka kugwira m'nthiti, a Misheck akuyang'ana kudenga. Koma filimu itafika pamene abale, motsogozedwa ndi azakhali, akunyamula matiresi, mapoto, ngakhale waya woyanikapo zovala, mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake.

"Zoterezi anam'chita neba wanga ku Msongwe," anatero. "Anam'siyira tsache lokha. Si nthabwala iyi. Koma mbuziyo isiyeni. Pakanapanda iyo, ine ndikanabwerera kushopu kalekale, chifukwa koyambirira kuja mumalankhulitsa, bambo."

Dinah anafufuta "nthabwala", n'kusiya "mbuzi". Anawonjezera "amasiye" ndi "kulanda katundu". "Chilungamo" anakana, poti mufilimumo abale aja anapita ndi katundu yense popanda wowafunsa.

"Ndiye ikani 'chikondi'," anachonderera a Misheck. "Achinyamata amafufuza chimenecho."

"Chili pati?"

"Wamasiyeyo ankam'konda mwamuna wake."

"Munthu amene tamuona ali m'bokosi kuyambira pachiyambi? Ayi, alamu."

A Misheck anadzuka akung'ung'udza kuti mng'ono wawo anakwatira khoti. Ali pakhomo, Amida anawakoka mkono wa shati.

"Mukamajambula ina mundiitane," anatero. "Koma ine za kulira ayi. Mundipatse malo a azakhali olanda katundu aja. Amene munaikawo amanyamula matiresi mwamanyazi, ngati akubwereka."

A Misheck anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatulutsa foni.

"Yewo chomene, mama," anathokoza. "Tandipatsani nambala."