Fulasiki Yobiriwira

Tchuthi chitatha, mwamuna wanga anayamba kudzuka m'mamawa. Ankavala nsapato zothamangira n'kutuluka monyang'ama, ndipo pobwera ankanunkhira mandimu ndi jinja. M'nyumba mwathu munalibe ndimu ngakhale limodzi.

Tinali titangotha miyezi inayi m'banja. Tchuthi chonse ndinachithera kukhitchini: nkhuku yokazinga, nyama yonona, tchipisi, makeke. Iye ankadya mpaka kumasula lamba, ine mtima uli m'malo. Koma tsopano chakudya ankangochitosatosa.

"Simukudya bwanji?" ndinafunsa.

"Ndakhuta, mayi."

"Mwakhuta kuti?"

Anangoseka, dzanja lili pamimba.

Lachitatu ndinapeza fulasiki yobiriwira m'chikwama chake cha kuntchito. Sinali yathu. Pachivindikiro panamatidwa kapepala: "Uzimwa usanadye kanthu. Sindimuuza." Zilembo zake zinali zozungulira bwino, za munthu wamkazi. Ndipo wolembayo ankamutchula mwamuna wanga kuti iwe.

Mkaziyo ndinamuona m'maganizo: wamtali, wa zala zosalala, akufinya ndimu uku akumwetulira. Ndinalumbira kuti sangandipose pophika. Madzulo ake ndinakazinga nkhumba, mumpunga n'kuthiramo batala mosaumira. Mwamuna wanga anaiyang'ana mbaleyo ngati yamutukwana. Anadya poopa nkhope yanga, kenako anakakhalitsa kuchimbudzi. M'mawa mwake analawira kuposa masiku onse.

Lachisanu ndinamutsatira nditafunda mpango. Anadutsa pokwerera mabasi, n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa mashopu. Anagogoda kawiri pachitseko chachitsulo. Dzanja lovala chibangili linamutsegulira.

Ndinawerenga mpaka khumi, kenako ndinakankha chitsekocho.

Makina osokera. Nsalu zolendewera. Inali shopu ya alamu anga, mlongo wake wamkulu. Khomo lakumbuyolo ndinali ndisanaliwonepo. Mwamuna wanga anakhala pampando wa makasitomala, kapu ikufuka nthunzi m'manja, papaya woduladula ali pambale.

"Lowani, alamu," anatero mlongo wakeyo osatembenuka. "Ndakuonani kale panja. Mpangowo ndinasoka ndine, sungakubiseni."

"Ndiye fulasiki ija…"

"Ndi yanga. Mwanayu wadzimbidwa sabata yathunthu, mimba ngati ng'oma. Ndamuuza: madzi ofunda, masamba, zipatso, kuyenda. Atangoyamba kupepukidwa, inu n'kumuphikira nkhumba. Mukufuna umasiye mudakali wamng'ono chonchi?"

Ndinayang'ana mwamuna wanga. "Bwanji osandiuza ine?"

Anayang'ana m'kapu. "Unaphika ndi mtima wako wonse. Ndikanayambira pati?"

Mkazi wamtali uja anazimirira, ndipo ndinapumira m'mwamba. Koma munga wina unatsalira. Mimba itamuvuta, mwamuna wanga anandidutsa ine ndili gone pambali pake, n'kuyenda mtunda wonsewu kudzadandaulira munthu wina. Alamu ankadziwa kuti jinja wochuluka amamuwotcha pakhosi, kuti uchi amafuna theka la supuni. Ine sindinkadziwa.

Alamu anatenga mpeni kuti asende jinja wa mawa. Ndinatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Mungondiuza muyeso."

"Nsanje mpaka pa ndimu, alamu?"

"Mpaka pa ndimu."

Anaseka n'kundipatsa mpeniwo. Potuluka mwamuna wanga anafuna kunyamula fulasiki yobiriwira ija. Ndinamulanda n'kuibwezera patebulo, pakati pa ulusi ndi sizasi.

"Isiyeni kwa eni ake," ndinatero. "Ndigula yathu lero. Yofiira."