Zigamba Pabenchi ya Chipatala

Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chitatsekedwa, Sipanala anatsala ali chiimire pakhonde, manja ali bii ndi girizi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kugalaja, ndipo kugalajako n'kumene foni inamupeza m'mawa umenewo, ali chagada kunsi kwa lole. Mkazi wake woyembekezera anali atayamba kutaya magazi, mwana atakhala mopingasa, madokotala n'kunena kuti palibenso kudikira.

Pabenchi panakhala apongozi ake, mayi a mkazi wakeyo. Pamiyendo anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza tinsalu ndi timapepala, kalikonse kodulidwa ngati kachipinda ka chisa cha njuchi. Ankaika kapepala pakati pa kansalu, n'kupindira m'mphepete mkati, n'kugwiriza ndi ulusi. Tizigambato tikachuluka ankatilumikiza kamodzikamodzi. Chinali chofunda cha mwana wobwerayo, ndipo anachiyamba mimba isanaoneke n'komwe.

Sipanala anawayang'ana, mtima n'kumuwawa. Mwana wawo ali pampeni, iwo ali kalikiliki ndi zigamba! Koma apongozi sayankhulidwa chisawawa. Anangoyamba kuyenda uku ndi uku ngati wapsa kuphazi.

Chitseko chinatseguka, namwino n'kutuluka chothamanga. Posakhalitsa anabwerera atanyamula matumba a magazi.

"Anesi, zikuyenda bwanji mkatimo?"

"Tapatukani, bambo!" anatero namwinoyo osamuyang'ana n'komwe.

Kenako dokotala wina wa imvi anadutsa mwaliwiro, akumanga chophimba kukamwa ali m'njira. Pamenepo Sipanala mutu unaima. Anapita pachitseko paja n'kuyamba kuchikankha ndi phewa. Mlonda wa pakhomo anadzuka pampando, dzanja lili pa chibonga.

"Bambo," anaitana apongozi, mosakweza mawu. "Tabwerani kuno. Maso anga atha, tandilowetserani ulusi pasinganopa."

"Amayi, si nthawi yake ino."

"Ndati tabwerani."

Anabwera, mlonda n'kukhalanso pansi. Singano inasowa pakati pa zala zake zikuluzikulu. Ulusi unkapindika, unkadutsa pambali, unkagawikana.

"Munthu womasula injini yathunthu, kabowo aka kakukanikani?" anatero apongozi. "Unyowetseni ndi malovu. Ndipo khalani pansi, mukunditchingira kuwala."

Ulusi utalowa, apongozi sanailandire singanoyo. M'malo mwake anamupatsa tizigamba tiwiri, kofiira ndi kamizeremizere.

"Tigwirizeni maso ndi maso. Muzingotola m'mphepete mwenimweni, pang'onopang'ono. Pepalalo musalibaye, ntchito yake n'kugwira nsalu kuti isapotoke. Tidzalichotsa pomaliza."

Sipanala anayang'anitsitsa kamizeremizere kaja. "Iyi si shati yanga imene ndakhala ndikuifuna?"

"Inali itatha kale m'khosi. Mkazi wanu ndi amene anandibera. Mukamufunse akatuluka."

Akatuluka. Mawuwo anamulasa pamtima. Anabaya singano, n'kukoka. Msoko woyamba unali waukulu ngati wa thumba la simenti, apongozi n'kuumasula. Anayambanso. Chala chake chinasiya chidindo chakuda pa kansalu kofiira.

"Ndadetsa, amayi."

"Zisiyeni. Sopo alipo."

Kubaya, kukoka, kubaya, kukoka. Kapepala kankalira pang'ono mkati mwa nsalu akakapinda. Atafika pakona, mbali ziwiri zija zinakumana ndendende, popanda mpata, ndipo anamva kamtima kokoma kamene amamva nati ikalowa bwino pa bawuti. Anazindikira kuti wayamba kupuma mofanana ndi kukoka kwa ulusi. Mantha sanachoke, koma anakhala pansi pambali pake m'malo momukwera pamsana. Apongozi anamupatsa kachigamba kena, kobiriwira, kochokera ku yunifolomu imene mkazi wake ankavala ali kusukulu.

Mkati muja china chake chachitsulo chinagwa, wina n'kufuula. Sipanala anadzidzimuka, singano n'kumubaya pachala. Atacheuka anaona kuti apongozi asiya kusoka, ndipo singano ina imene iwo ankasokera inali itawapulumuka m'manja.

"Amayi?"

"Sokani, bambo," anatero, akufunafuna singano yawo pachitenje. "Ine ndikasiya, ndilira. Ndikalira, inu akugwirani ndani?"

Sipanala anaitola singanoyo n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anasoka onse, mitu ili pansi. Dzuwa linachoka pazenera n'kufika pamapazi awo. Tizigamba take tinazungulira kofiira kaja mpaka tinapanga duwa, lopendekeka pang'ono koma logwirana.

Chitseko chinatseguka. Anali dokotala wa imvi uja, chovala chake chitanyowa ndi thukuta.

"Mwamuna wake ndi ndani?"

Sipanala anaimirira.

"Mwana ndi wamkazi, akupuma yekha. Mayi ake anataya magazi ambiri. Kuti tiwapulumutse tachotsa chiberekero, ndiye sadzaberekanso. Pepani."

"Koma ali moyo?"

"Ali moyo. Akadzuka mudzawaona. Mwanayo mukhoza kumuona pano."

Sipanala anagwira khoma. Zoti sadzaberekanso zinamudutsa pamwamba; anadziwa kuti zidzamupeza tsiku lina, iye ndi mkazi wake, koma osati lero.

"Mwamva, amayi? Ali moyo!"

Apongozi anayesa kudzuka, miyendo n'kukana. Chitini chinagwa, tinsalu ndi timapepala n'kumwazika khonde lonse. Pamenepo m'pamene analira, mokweza, osabisa nkhope, akutchula mwana wawo ndi dzina la paubwana. Mlonda uja anagwada n'kuyamba kutola tizigamba.

"Pitani, bambo," anatero apongozi misozi ili chuchuchu. "Kaoneni mwana wanu."

"Ayi, tipitira limodzi."

Chikwatirire anali asanawagwirepo ngakhale mkono, koma anawerama, n'kuwadzutsa bwinobwino. Namwino anawatsogolera, ndipo atafika pa sinki anamuimitsa Sipanala.

"Inu bambo, ndi manja amenewo simugwira mwana wa munthu. Sambani kaye mpaka m'zigongono."